Dzina lomwe ndidafufuta m'kaundula

Teremu yathayi ndidafufuta dzina la mtsikana wina wa Fomu 2 m'kaundula wa kalasi langa. Adajomba sabata zitatu, kenaka anzake adandiuza kuti akugulitsa zitumbuwa pamsika. Mwezi usanathe ndidamva kuti wakwatiwa ndi mnyamata wa kabaza. Mwanayu adali ndi zaka 16, ndipo masamu ankakhoza kuposa anyamata onse m'kalasimo. Tsiku lomwe ndidalemba mzere pa dzina lake, thandizo lomwe ankalandira kuchokera kubungwe lina lidathera pomwepo, chifukwa lamulo lawo nlakuti wosiya sukulu salandira kanthu.

Nkhaniyi idandikumbutsa kafukufuku yemwe akatswiri a zachuma atatu, Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler, adachita m'boma la Zomba. M'zaka za 2008 ndi 2009 ankapereka ndalama mwezi ndi mwezi kwa atsikana osakwatiwa a zaka za pakati pa 13 ndi 22. Makolo ankalandira madola 4 mpaka 10, mtsikana mwiniwake dola imodzi mpaka 5. Atsikana apasukulu adawagawa mwamaere. Gulu lina linkalandira pokhapokha ngati mtsikana wapezeka m'kalasi masiku 80 pa 100 alionse. Gulu lina linkalandira popanda lamulo lililonse, ndipo lachitatu silinkalandira konse.

Zotsatira zake zidasindikizidwa mu 2011. Ndalama za lamulo zija zidasunga atsikana ambiri pasukulu, ndipo adayamba kuchita bwino pa kuwerenga Chingerezi. Zopanda lamulo zidachepetsanso kusiya sukulu, koma mphamvu yake sidafike ndi theka lomwe. Mpaka apa aliyense anganene kuti lamulo ndiye mankhwala.

Koma tamvani mbali inayo. Mimba ndi maukwati a ana zidachepa kwambiri m'gulu lopanda lamulo lija, osati la lamulo. Chifukwa chake n'chosavuta kumvetsa. M'magulu onse mudali atsikana omwe adasiyabe sukulu. Wa m'gulu la lamulo akasiya, ndalama zinkaduka, ndipo banja linkaoneka ngati pothawira. Mnzake wa gulu lina ankalandirabe ya sopo ndi ndiwo, choncho sankathamangira mwamuna. Lamulo lidathandiza amene akadatha kukhala pasukulu, koma lidataya amene adali pamavuto aakulu kuposa onse. Mtsikana wanga wa Fomu 2 ndi mmodzi mwa oterewa.

Akatswiriwa adabwereranso patatha zaka ziwiri ndalama zitasiya kuperekedwa. Adapeza kuti phindu lambiri lidazilala: atsikana a gulu lopanda lamulo adayamba kukwatiwa ndi kubereka mpaka kufanana ndi anzawo omwe sadalandirepo. Koma padali chinthu chimodzi cholimbitsa mtima. Atsikana omwe adali atasiya kale sukulu kafukufuku asanayambe, napatsidwa ndalama kuti abwerere m'kalasi, ambiri adabwereradi, ndipo kusinthako kudakhalitsa. Adaphunzira zaka zochulukirapo, adachedwa kukwatiwa, ndipo adali ndi ana ochepa.

Apa mpamene ndikuona kuti timalakwitsa. Mabasale ambiri amafuna mwana amene ali kale m'kalasi, wa yunifomu ndi malikisi abwino. Amene wagwa m'njira timamuwerenga ngati wotayika, chonsecho kafukufukuyu akusonyeza kuti pa iyeyo mpamene ndalama imagwira ntchito yokhalitsa. Chiyambireni maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 takhala tikuwerenga ana olowa pachipata cha sukulu. Otuluka mwakachetechete sitiwalondola.

Pempho langa kwa mabungwe ndi a boma oyendetsa mabasale ndi Mtukula Pakhomo nlakuti mwana akajomba, thandizo lisamaduke tsiku lomwelo. Papite kaye teremu imodzi, amayi a Mother Group ndi mfumu akaone chavuta nchiyani pakhomopo. Ndondomeko ya boma imalola ngakhale mtsikana yemwe wabereka kubwerera kusukulu, koma chilolezo chopanda kope, sopo ndi womulerera mwana sichimufikitsa patali.

Nanenso ndili ndi mlandu wanga. Kwawo kwa mtsikanayu ndi ulendo wa mphindi 40 panjinga, koma sindidapiteko. Ndidangotenga cholembera. Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Teremu ino ndauza ahedi kuti sindifufutanso dzina la mwana ndisanakhale pamphasa ndi makolo ake. Aphunzitsi anzanga, m'kaundula mwanu muli mayina angati omwe mudafufuta osafunsa?