Luso la mwana lisatsekeredwe m'khola limodzi

Makolo ambiri tikaona mwana akuumba ng'ombe zadothi m'mawa, masana akuvina pabwalo, madzulo n'kumalemba tinkhani m'kope, timafulumira kumukalipira kuti ngosakhazikika. Timamuuza kuti asankhe chimodzi, makamaka chomwe chidzamupezetse ntchito ya muofesi. Tisanathyole mkwapulo, tiyeni timve mbiri ya mayi Simone Forti.

Mayiyu adabadwira mumzinda wa Florence ku Italy m'chaka cha 1935, m'banja la Chiyuda. Mu 1938 boma la Benito Mussolini lidakhazikitsa malamulo osala Ayuda. Bambo ake, omwe ankakonda kuwerenga nyuzipepala, adaona msanga kuti zinthu zafika poipa ndipo adasamutsa banja lonse mpaka kukakhazikika ku Los Angeles, m'dziko la America. Ayuda zikwi zingapo amene adatsala ku Italy adaphedwa pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse.

Atakula, Forti adayamba ndi kujambula zithunzi, kenaka adakaphunzira kuvina kwa Anna Halprin ku California. M'zaka za 1960 ndi 1961 adaonetsa ku New York magule omwe adawatcha Dance Constructions. M'gule wina, ovina amakwera ndi kutsika pa thabwa lalikulu lopendekeka atagwira zingwe. M'gule wina, anthu 6 kapena 7 amagwirana n'kupanga ngati chulu, mmodzimmodzi n'kumakwera pamwamba pa anzake. Oonera amazungulira gululo monga momwe munthu amazungulira chiboliboli pochiyang'ana. Apa kuvina ndi kusema zidasanduka ntchito imodzi.

Bambo ake atamwalira, Forti adatenga udindo wowerenga nyuzipepala uja. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980 ankayala nyuzipepala pansi pamaso pa anthu, n'kumafotokoza nkhani za nkhondo ndi ndale ndi pakamwa komanso ndi thupi lonse. Ntchito imeneyi adaitcha News Animations. Ife sitiyenera kudabwa nazo, pakuti nyimbo za pamtondo ndi za pabwalo la gule zakhala zikuulutsa nkhani za m'mudzi kuyambira kale.

Tisanamizane: luso sililipira msanga. Padatha zaka zoposa 50 kuti nyumba yosungirako zaluso ya Museum of Modern Art ku New York igule magule oyamba aja mu 2015. Mphoto yaikulu ya Golden Lion ya mumzinda wa Venice idabwera mu 2023, mayiyu ali ndi zaka 88, kuchokera kudziko lomwe banja lake lidathawa.

N'chifukwa chake sitikunena kuti mwana asiye sukulu kuti azikavina. Sukulu ndiyo imamupatsa maso owerengera nkhani ndi nzeru zoikira mtengo pa chosema chake. Chomwe tikukana n'kuphwanya ng'ombe yadothi ija kapena kung'amba kope la tinkhani poganiza kuti tikumuongola. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi.

Tionenso kuti cholowa chomwe bambo ake a Forti adamusiyira chidali chizolowezi chowerenga, chomwe chidapulumutsa banja n'kudzasanduka ntchito ya mwana. Choncho mukamaliza kuwerenga tsamba lino, musafulumire kukulungira usipa. Mupatseni mwana awerenge, ndipo mumufunse zomwe wamva. Akafuna kukuyankhani ndi nyimbo, gule kapena dothi, musiyeni ayankhe.