Manambala okwerana pakhoma

Lachitatu lapitali ndinali pamsonkhano wa zaulimi pomwe mayi wina ankaonetsa pakhoma tchati cha mitengo ya chimanga. Manambala anali atakwerana, mayina a maboma atadukira pakati, anthu akung'ung'udza, mwini wake thukuta lili kamukamu. Vuto silinali la masamu ake ayi. Anakonzera zonse pa laputopu yatsopano yomwe PowerPoint yake imalemba ndi Aptos, mtundu wa zilembo womwe Microsoft inasankha kulowa m'malo mwa Calibri mu 2023. Kompyuta yapamsonkhanopo inali yakale, yopanda zilembo zimenezo, ndiye inangolowetsapo zina zazikulupo zomwe sizinakwane m'malo mwake. Tchati chokopedwa ku Excel ndicho chimavutitsitsa, chifukwa chimatha kubwera ndi zilembo zakezake zosamvera masilaidi enawo. Chondipweteka n'chakuti m'maofesi mwathu timaphunzitsana kukongoletsa masilaidi, koma palibe amene amauza mnzake zoyesa fayilo pa kompyuta yomwe idzagwiritsidwe ntchito patsikulo. Mayiyu akanasankha Arial, kapena kusunga fayilo ina ya PDF, anthu akanakambirana za chimanga, osati kumuyang'ana ngati sadziwa ntchito yake.