Za Nyali ya m'Chipatala, ndi Amene Aizimitsa

Abale athu a pa Kachebere ndi a m'midzi yonse ya Mchinji, tili nanu mlandu, ndipo sitidzabisa mawu.

Mudziwa inu nonse kuti mwana sasankha nthawi yakubadwa. Ambiri afika usiku. Mayi akayamba kutaya mwazi, mzamba ayenera kupenya pamene mwaziwo uchokera, ndipo ndi koloboyi kapena katochi ka pafoni sangathe kupenya bwino ayi. Katemera wa ana nayenso afuna kuzizira kwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Firiji ikazima masiku angapo, katemerayo aonongeka, ndi amayi abwerera kwawo ana osabayidwa.

Alipo ena anena, Tilinde mawaya a ESCOM. Tilinde kufikira liti? Kalembera wa 2018 anapeza kuti mwa nyumba 100 za m'Malawi, ngati 11 zokha ndizo zinali kuunikira magetsi. Ndipo kumene mawaya anafika, sakhulupirika konse: mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga makina a magetsi a pa Kapichira, pa mtsinje wa Shire, ndi magetsi anazimazima m'dziko lonse koposa chaka. Koma dzuwa la Mulungu liwala pa Kachebere tsiku ndi tsiku, losalipiritsa munthu. Kwa Sitolo, m'boma lathu lomwe lino, magetsi a dzuwa a makilowati 80 anayamba kuunikira midzi m'chaka cha 2019. Chifukwa chake asanene munthu kuti chinthuchi nchosatheka kuno.

Tsono mlandu wathu ndi uwu. Boma ndi mabungwe aika masola pa madenga a zipatala zambiri zazing'ono, koma ife tiwayesa a eni ake. Sola ya padenga ikhala zaka 20 ndi mphambu, koma batire losunga mphamvu ya usiku litha pa zaka zowerengeka, ndipo lifa msanga tikalitopetsa ndi mafoni athu. Fumbi la m'chilimwe likakuta galasi, mphamvu ichepa. Nanga apukuta ndani? Nanga ndalama ya batire latsopano aisunga ndani? Tingoti, Nza boma izo. Kapena, Azungu adzabwera nazo zina. Potero tifanana ndi anamwali opusa aja, okhala nazo nyali koma opanda mafuta.

Choipa choposa ndicho kuba. Mbala siidya sola, iigulitsa. Ndipo aigula ndani? Aigula munthu wa pakati pathu, kapena wogwada nafe m'tchalitchi Lamulungu, amene aona sola yotsika mtengo, ya mawaya odulidwa, osafunsa kumene yachokera. Iye akhala pansi kuonerera mpira pa kanema, pamene mkazi wa mnzake ali kubereka mumdima. Tinena osaopa kuti wogulayo ndi mbala ali m'goli limodzi, ndi mayi akafa usiku umenewo, onse awiri adzayankha kwa Mulungu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Chomwe tipempha sicholemera ayi. Pa nyengo yokolola, mphakati uliwonse upereke ndowa ya mtedza kapena ya soya ku thumba la batire, losungidwa ndi komiti ya chipatala ndi kuwerengedwa poyera pamaso pa anthu. Anyamata apukute magalasi sabata ndi sabata m'chilimwe. Mafumu athandize kuika mlonda. Ndipo Mkhristu asagule sola kwa munthu wosatha kuonetsa lisiti lake.

Chiyambire 1903, pamene Ambuye a White Fathers anayamba mishoni pa Kachebere, Akhristu a kuno akhala akuumba njerwa za matchalitchi ndi masukulu ndi manja awo, osalinda boma. Kodi adzukulu awo adzalephera batire limodzi la m'chipinda chimene iwo eni anabadwiramo?