Mawu Akuti Gojo Akupasula Mabanja Ofuna Mwana

Abale ndi alongo a ku Malawi, ku Chipata, ku Tete, ku Niassa ndi kuno ku Zimbabwe, pali mawu amodzi m'chinenero chathu amene tiyenera kuwaunikanso, ndiwo akuti gojo. Timatchula nawo mwamuna amene thupi lake silidzuka akakhala ndi mkazi wake kuchipinda. Timatchulanso nawo mwamuna amene amakwanitsa zonse za pamphasa koma mbewu yake siipereka pathupi. Kuchipatala awa ndi mavuto awiri, oyezedwa mosiyana ndi kuchizidwa mosiyana, koma pakamwa pathu ndi chitonzo chimodzi. Maganizo anga ndi akuti kuphatikiza kumeneku kukuzunza mabanja amene akulandira thandizo la kuchipatala kuti abereke, ndipo chitsanzo nditenga kwathu kuno ku Midlands.

Agogo athu adafika m'chigawo chino kudzagwira ntchito m'migodi: golide ku Globe and Phoenix ku Kwekwe, chrome ku Shurugwi, asbestos ku Shabanie ku Zvishavane, ndi chitsulo ku Redcliff. Adabwera ndi chinenero, gule, ankhoswe ndi anamkungwi, komanso chikhulupiriro chakuti ukwati umakhwima ndi mwana. Ng'anjo za Ziscosteel zidazima mu 2008, ndipo mgodi wa Shabanie udaima. Adzukulu awo ena lero ali ku Mimosa ndi ku Unki, ena ambiri akukumba golide paokha, amene kuno timawatcha makorokoza. Mwamuna amagwira ntchito usiku, kapena amachoka panyumba masabata angapo. Banja lofuna mwana m'matauni amenewa limayamba kale ndi nthawi yochepa yokhalira pamodzi.

Vutoli si lachilendo. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO lidalengeza mu 2023 kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu 6 aliwonse amakumana ndi vuto la kusabereka pa moyo wake. Madokotala amati banja lili ndi vutoli likatha miyezi 12 likugonana mosadziteteza popanda pathupi, ndipo mayi akapitirira zaka 35 amalangizidwa kupita msanga, ikatha miyezi 6. Amadziwanso kuti pafupifupi theka la mabanja otere, mbali ya mwamuna imakhudzidwa, payokha kapena pamodzi ndi ya mkazi.

Komatu amene amayamba kuima pamzere kuchipatala, kaya ku Kwekwe, ku Gweru kapena ku Zvishavane, kawirikawiri ndi mayi. Iye ndiye amatengedwa magazi, amaunikidwa m'mimba, ndipo ena amathiridwa mankhwala m'chiberekero kuti ajambulidwe ngati njira za mazira zili zotseguka, kuyeza kopweteka ndithu. Kuyeza kwa bambo ndi kwapafupi: kupereka umuna m'kabotolo kuti akauone pamakina. Nanga bwanji abambo amakana chinthu chopepuka chotere? Chifukwa dokotala akati tiyeze mbewu, khutu la mwamuna limamva kuti akumufunsa ngati adagwa m'papaya. Iye amadziwa kuti kuchipinda zinthu zimayenda, tsono amayankha kuti ine ndilibe vuto. Sakunama, koma akuyankha funso limene sadafunsidwe.

Chithandizo chikayamba, mphasa nayo imasintha. Mayi amapatsidwa mapiritsi othandiza kuti dzira likhwime, monga clomiphene kapena letrozole, ndipo amauzidwa kuwerenga masiku kuyambira tsiku limene wayamba kusamba. Kalendala imalowa kuchipinda. Zimene zidali kuyamba ndi macheza, kuseka ndi kusisitana mikanda zimasanduka lamulo lakuti lero. Bambo wafika kuchokera pansi pa nthaka, msana uli phwii, ndipo akumva kuti usiku uno ukapita pachabe ndiye kuti mwezi wonse watayika pamodzi ndi ndalama za mankhwala. Thupi la munthu wamantha silimvera. Kulephera kotere kumachitika kwa amuna ambiri amene auzidwa kugonana potsata tsiku, ndipo nthawi zambiri gwero lake ndi nkhawa. Koma kwa mwamuna amene adakula akumva mawu aja, usiku umodzi umenewo umakhala ngati chigamulo cha bwalo.

Zotsatira zake timaziona. Ena amathamangira gondolosi kapena vhuka-vhuka, ngakhale kuti kudzutsa chilakolako sikutsegula njira yotseka. Ena amabayitsa jakisoni wa testosterone osadziwa kuti ameneyu amachepetsa kapangidwe ka mbewu. Ena amakadziyesa kwa mkazi wina, n'kubwera ndi chinzonono kapena chlamydia, matenda amene akapanda kuchizidwa amatseka njira za mazira za mayi ndi njira za mbewu za bambo yemwe. Mayi nayenso amavutika mwakachetechete. Amayamba kudziona ngati munda woyembekezera mvula, chilakolako chimazirala, kugonana kumapweteka, ndipo mwezi uliwonse akaona magazi amalira yekha. Anthu awiri amene adalowa m'chipatala kufuna wachitatu amatuluka atatalikirana.

Chomvetsa chisoni n'chakuti zimene madokotala amadziwa ndi zopepuza mtima kuposa zimene timauzana. Dzira limakhala ndi moyo pafupifupi tsiku limodzi, koma mbewu ya bambo imatha kudikira m'thupi la mayi mpaka masiku 5. Motero banja logonana pakapita masiku awiri kapena atatu aliwonse siliyenera kusaka usiku umodzi wamwayi, ndipo wogwira ntchito usiku sadataye kanthu akaphonya tsiku. Kusunga umuna kwa masabata poganiza kuti ukhale wamphamvu sikuthandiza. Kudziletsa kwa masiku 2 mpaka 7 kumafunika pokonzekera kukayezetsa basi. Mbewu imatenga masiku oposa 70 kuti ipangidwe, choncho malungo aakulu, kutentha kopitirira, fodya ndi mowa wambiri zingathe kuifooketsa kwa kanthawi. N'chifukwa chake zotsatira zikatuluka zoipa, dokotala amayezanso pakapita miyezi ingapo asadanene mawu omaliza. Kwa makorokoza palinso chenjezo la mercury wogwirira golide, amene ndi poizoni kwa wamkulu ndi kwa mwana wam'mimba.

Ena adzati makolo adali ndi nzeru yawo yobisira mwamuna manyazi. Kwathu ankabweretsa fisi usiku, ndipo anzathu a Chishona adali ndi kupindira, pamene mbale wa mwamuna ankalowa m'nyumba mwachinsinsi. Ndikuvomereza kuti cholinga chidali kusunga banja ndi mtundu. Koma mwambo umenewu unkateteza dzina la mwamuna pogwiritsa ntchito thupi la mkazi, ndipo m'nyengo ya HIV mtengo wake ungakhale moyo wa anthu atatu. Ena adzati kulankhula zimenezi poyera ndi kulaula. Koma anamkungwi salankhula mozungulira akamalangiza mkwatibwi, ndipo mawu onse a thupi la munthu tili nawo. Chimene tilibe ndi chizolowezi chowagwiritsa ntchito pamene zinthu zavuta.

Tisaiwalenso za m'thumba. Kuyambira pamene Louise Brown adabadwa ku England mu 1978, njira ya IVF, yokumanitsa dzira ndi mbewu kunja kwa thupi, yathandiza mabanja ambiri. Kuno ku Zimbabwe imapezeka m'zipatala zolipira za ku Harare ndi ku Bulawayo, pa mtengo umene wogwira ntchito wamba sangaufike. Kuchokera ku Kwekwe kukafika ku Harare ndi makilomita oposa 200. Kwa mabanja ambiri a m'migodi, thandizo ndi lija la pafupi: kuchiza matenda opatsirana ndi likodzo, kumwa mapiritsi, ndi kudikira miyezi. Ena adzabereka, ena ayi. Pa onsewo, chimene chingathe kusungika ndi chikondi cha awiriwo, ngati sitichipereka nsembe kwa kalendala ndi kwa apongozi. Akuluakulu adati wachitatu ndi kapasule, ndipo si nthawi zonse pamene kapasuleyo amakhala munthu.

Malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe a 2013 amaika Chichewa pakati pa zinenero 16 zovomerezeka, ndipo ndime 76 imapatsa nzika ufulu wolandira thandizo la zaumoyo kuphatikizapo la uchembere. Tili ndi poyambira popempha kuti uphungu wa mabanja otere uziperekedwa kwa onse awiri pamodzi, m'chinenero chimene amalankhula kuchipinda, ndi kuti namwino azifunsanso ngati kugonana kukupweteka kapena kwazirala, osati masiku okha.

Koma ntchito yaikulu ili pakamwa pathu. Tiyeni tinene kuti mbewu yachepa, mbewu yafooka, njira yatseka, dzira silikukhwima, thupi latopa. Mawu amenewa amatchula vuto limene lingayezedwe, ndipo amasiya munthuyo ali munthu. Ankhoswe akamva dandaulo, funso loyamba likhale lakuti kodi mwapita nonse awiri. Ndipo banja lisunge mausiku ena opanda chiwerengero, ongokhalira kukondana.

Inu a ku Tete, ku Katete ndi ku Lichinga, kodi kwanuko muli ndi mawu osiyanitsa mwamuna wofooka thupi ndi mwamuna wa mbewu yochepa? Ngati alipo, tibwerekeni. Kuno ku Midlands tikuwafuna.