Munda wa Naboti ndi Minda ya M'mbali mwa Shire

Mu Israeli wakale, ngakhale mfumu inali pansi pa chilamulo cha Mulungu. Nthaka inali ya Yehova, choncho Naboti anakana kugulitsa munda wa makolo ake kwa Mfumu Ahabu. Koma amene anamuphetsa anali akulu a mumzinda wake womwe, pomvera makalata a Yezebeli (1 Mafumu 21).

Ku Liwonde tauni ikukula kutsidya kwa Machinga ndi kwa Balaka komwe, ndipo malo akwera mtengo. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti a m'midzi, komabe komiti yamantha singateteze mayi wamasiye. Ife Akhristu okhala m'makomitiwa, kapena oitanidwa kukachitira umboni pabwalo la amfumu, tikane bodza. Eliya anafika Naboti atafa kale. Ife tilankhule mwini munda akadali moyo.