Mwana akasiya kupita kusikelo, akumuyeza ndani?

Tsiku la sikelo m'mudzi silisowa. Mlangizi wa zaumoyo amafika panjinga, n'kukoleka sikelo panthambi ya mtengo wa mango, amayi n'kundanda ana ali kumsana, mabuku a kuchipatala ali m'manja. Mwana amavekedwa kakabudula kansalu kaja, kumukoleka, iye n'kumalira miyendo ili lendelende mpaka muvi wa sikelo utaima. Mlangizi amaika kadontho patchati, ndipo mayi ngakhale sanapite patali ndi sukulu amadziwa kuwerenga mzerewo. Ukamakwera ndiye kuti zili bwino, ukagona kapena kutsika ndiye kuti pali vuto. Izi timachita mwezi ndi mwezi, ndipo zapulumutsa ana ambirimbiri. Koma mwana akangokwanitsa zaka 5, buku lija limalowa m'sutikesi. Kuchokera pamenepo mpaka adzafike zaka 19, akumuyeza ndani?

Kwa ana ambiri yankho ndi lakuti palibe. Mtsikana amadzakweranso sikelo tsiku limene wapita kukayamba sikelo ya amayi oyembekezera. Mnyamata amaikwera akadwala mpaka kugonekedwa m'chipatala. Chonsecho zaka za kutha msinkhu ndi pamene thupi limagwira ntchito yaikulu kwambiri chichokereni paukhanda. Pafupifupi theka la kulemera kumene munthu adzakhale nako akadzakula amakupeza m'zaka zimenezi, mafupa akutalika ndi kukhwima, atsikana akuyamba msambo ndipo akutaya magazi mwezi uliwonse. N'chifukwa chiyani tikuchotsa maso pa nthawi imene akufunika kwambiri?

Pamene sikelo yachoka pamalowa diso ndi pakamwa pa akuluakulu. Mtsikana wa Fomu 2 akabwera kutchuthi, asanatule n'chikwama chomwe, azakhali amayamba: "Iii, wanenepatu iwe, kusukuluko akukudyetsani bwino eti?" Mnzake akafika kwawo amalandiridwa ndi mawu ena: "Wathatu mwana iwe, ukudwala chiyani?" Akuluakulu onse awiri alankhula mwachikondi, ndipo onse awiri akhoza kukhala atalakwitsa. M'chinenero chathu mawu akuti kulemera amanena za makilogalamu, amanenanso za chuma, ndipo m'maganizo mwathu ziwirizi zinakwatirana kalekale. Wonenepa timati zikumuyendera. Kuonda kunalandira dzina loipa m'zaka zimene Edzi inkatha anthu, mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa mwaulere m'chaka cha 2004, pamene munthu akangotsika thupi anthu ankanong'onezana za kaliwondewonde. Ana a lero sanaone masiku amenewo, koma mantha ake tawapatsira. Kodi mtsikana amene mwachibadwa ndi wochepa thupi, wathanzi, wothamanga bwino pabwalo la netiboli, walakwa chiyani kuti tsiku ndi tsiku azifunsidwa ngati akudwala?

Funsoli si lachibwana, chifukwa ena mwa atsikana oterewa amakafuna thupi kumene sayenera kupita. Pali mankhwala otchedwa cyproheptadine, amene ntchito yake ndi kuchiza ziwengo, koma amachititsanso munthu kumva njala ndi tulo. Palinso dexamethasone, mankhwala amphamvu amene munthu akawamwa nthawi yaitali nkhope imafufuma, shuga amakwera m'magazi, mafupa amafooka, ndipo chitetezo cha m'thupi chimatsika. M'maiko angapo a mu Africa mankhwala awiriwa akumwedwa ndi atsikana ofuna kunenepa msanga. Kufufuma kotere si thanzi. Mwana wa zaka 16 akafika pakauntala n'kunena kuti akufuna mankhwala onenepetsa, wogulitsa amamufunsa chikalata cha dokotala, kapena amangomufunsa kuti ali ndi zingati? Bungwe la PMRA, lomwe limayang'anira za mankhwala m'dziko muno, likuona zimene zikugulitsidwa pa WhatsApp ndi pa Facebook?

Foni yomweyo imakankhira ana ena mbali inayo. Pa TikTok mtsikana amaona matupi osefedwa ndi kamera, chiuno ngati cha mavu, n'kudziyang'ana pagalasi n'kudzida. Amayamba kudumpha chakudya cha masana, kumwa tiyi amene akuti amasungunula mafuta pamene kwenikweni amangotsegula m'mimba, kudzimanga lamba wothina mpaka kupuma movutikira. Pakhomo amati akusala kudya, kapena sakumva njala. Pakapita miyezi amayamba chizungulire m'kalasi, tsitsi kuthothoka, msambo kusiya. Awa ndi matenda, ndipo amapha. Ndi makolo angati amene angawazindikire? Ndi angati amene angayambe aganiza za mimba kapena za ufiti asanaganize kuti mwana akudzimana chakudya chifukwa cha mawu amene anamva?

Ndiye kulemera koyenera n'kotani? Palibe nambala imodzi ya makilogalamu yokwanira ana onse, ndipo aliyense amene akuuza mwana wanu kuti pa zaka 15 ayenera kulemera mwakutimwakuti akunama. Achipatala amagwiritsa ntchito muyeso wa BMI: amatenga makilogalamu n'kugawa ndi kutalika kwa munthu m'mamita atakuchulukitsa ndi iko komwe. Kwa akuluakulu, zotsatira za pakati pa 18.5 ndi 24.9 ndiye zabwino. Koma mwana si wamkulu wamng'ono. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatulutsa matchati a ana a zaka 5 mpaka 19 m'chaka cha 2007, ndipo pamatchatiwo nambala imawerengedwa molingana ndi zaka za mwana komanso ngati ndi mnyamata kapena mtsikana. Taonani kusiyana kwake. Mtsikana wa zaka 13 wotalika mamita 1.50 wolemera makilogalamu 38 ali ndi BMI pafupifupi 17. Patchati ya akuluakulu angaoneke woonda, koma pa msinkhu wake ali bwinobwino. Mnyamata wa zaka 12 wotalika mamita 1.45 wolemera makilogalamu 46 ali ndi BMI pafupifupi 22. Patchati ya akuluakulu palibe vuto, koma pa msinkhu wake wapitirira kale muyeso. Mtsikana uja ndi amene azakhali akumudandaula, mnyamatayu ndi amene akumuyamikira. Tikadalira diso tidzazindikira bwanji?

Ngakhale tchati yomweyo siiweruza pa tsiku limodzi. Ana satha msinkhu nthawi imodzi. Atsikana amayamba kukula msanga kusiyana ndi anyamata, ena amayamba anenepa kenako n'kutalika, ena amangotalika ngati nsungwi thupi n'kudzabwera pambuyo. Chofunika ndi mzere, monga momwe zinalili pansi pa mtengo wa mango paja: kodi mwana akuyenda panjira yake, kapena wapatuka mwadzidzidzi? Kutsika thupi mwadzidzidzi kukhoza kukhala chifuwa chachikulu, njoka za m'mimba, likodzo, kachilombo ka HIV, kapenanso matenda a shuga amene amagwira ana, omwe amabwera ndi ludzu losatha ndi kukodza pafupipafupi. Zonsezi zili ndi chithandizo zikadziwika msanga.

Dziko lathu lanyamula akatundu awiri pamutu umodzi. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka 5 anali opinimbira. Ana amenewo ndiwo ali m'masukulu lero, ena m'makalasi omaliza a pulayimale, ena ku sekondale. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti amayi 21 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 anali onenepa kupitirira muyeso, ndipo mmodzi mwa atatu alionse anali ndi vuto la kuchepa kwa magazi. Si mafuko awiri a anthu ayi. Nthawi zina ndi nyumba imodzi, nthawi zinanso ndi thupi limodzi. Mtsikana akhoza kukhala wojintcha, masaya ali phwii, koma magazi ali ochepa chifukwa chimene chikumunenepetsa ndi ufa, mafuta ndi shuga basi. Ndipo mwana amene ananyentchera ali wakhanda akadzanenepa mofulumira amakhala pachiopsezo chachikulu cha shuga ndi kuthamanga kwa magazi akadzakula.

Tiyeni tikaime pageti la sekondale ya m'tauni nthawi yopuma. Chiwaya chili pamoto, mafuta ake ada bii chifukwa chokazingira kangapo, tchipisi chikuthiridwa m'kajumbo ndi mchere wambiri. Pambali pake pali beseni la mandasi, zigege, mafirizi ofiira ndi achikasu m'kabokosi, timapaketi ta zokhwasula zamchere. Botolo la chakumwa chozizira la 300ml limakhala ndi shuga wokwana masupuni a tiyi pafupifupi 8. Mayi wogulitsa mandasiyo sitikumuimba mlandu, nayenso akusaka fizi ya mwana wake. Koma nthochi, mtedza wokazinga, chimanga chootcha, mbatata yophika, magwafa ndi masuku panyengo yake zili kuti? N'chifukwa chiyani mwana wobweretsa chinangwa chophika amasekedwa kuti ndi wakumudzi, pamene wogula tchipisi ndiye amaoneka wotsogola? Anawaphunzitsa zimenezi ndani ngati si ife?

Ku sukulu yogonera komweko nkhani ndi ina. Ana amaphunzira m'kalasi za magulu asanu ndi limodzi a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Amaloweza, n'kukhoza mayeso. Belu likalira amakalandira nsima ndi nyemba, mawa nsima ndi kabichi, mkuja nyemba zomwe zija, nthawi zina zofumbwa. Mgaiwa ndi wabwino kuposa ufa woyera, nyemba nazo n'zopatsa thanzi, koma magulu awiri kapena atatu si asanu ndi limodzi. Tikudziwa kuti mitengo ya zinthu yakwera ndipo fizi sikwanira. Komabe masukulu ambiri ali ndi malo. Dimba la mpiru, bonongwe ndi nkhwani, mizere ingapo ya mbatata yofiira mkati, mitengo ya mapapaya kuseri kwa hositelo, zimafuna ndalama zingati? Usipa kapena bonya kawiri pasabata n'zosatheka ndithu? Makomiti a makolo akamakumana amafunsa za zotsatira za MSCE. Ndi kangati amapempha kuona m'khitchini?

Kumudzi mwana wa sukulu yoyendera amadzuka kusanache, kutunga madzi, mwina kulima mizere ingapo, n'kuyenda makilomita angapo m'mimba mulibe kanthu. Phala la Likuni limene mabungwe monga Mary's Meals amapereka lathandiza ana ochuluka zedi, koma kwenikweni limathera ku pulayimale. Njala simayang'ana kuti mwana wakhoza mayeso a Sitandade 8. Mwana ameneyu safunika kuuzidwa za masewera olimbitsa thupi, akufunika chakudya cha m'mawa. Mnzake wa ku Area 47 kapena ku Namiwawa, amene amatengedwa pagalimoto kuchokera pakhomo kukafika pageti la sukulu n'kubwerera kukakhala pa TV, ndiye akusowa mphindi 60 zothamanga tsiku lililonse zimene WHO imalangiza kwa ana a zaka 5 mpaka 17. Nanga nthawi ya zamasewero ikalandidwa n'kupatsidwa masamu chifukwa mayeso ayandikira, kapena bwalo likagulitsidwa n'kumangidwapo nyumba, athamangira kuti?

Pali chinanso chimene sitingachilambalale. Kafukufuku wa 2015-16 uja anapeza kuti atsikana 29 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali oyembekezera. Thupi limene likukulabe likatenga pakati, mayi ndi mwana amalimbirana chakudya chomwecho. Mwana amabadwa wochepa sikelo, mayi amatsala wopanda magazi okwanira, ndipo chiuno chosakhwima chimabweretsa uchembere wovuta. Kupinimbira kumayambiranso pamenepo. Mapiritsi oonjezera magazi amene atsikana amayenera kumwa kamodzi pasabata amathandiza, ndipo m'masukulu ena amaperekedwa. Afika liti kwa mtsikana aliyense, kuphatikizapo amene anasiya sukulu?

Chimene tikupempha si chachikulu. Sukulu iliyonse ikhale ndi sikelo, tepi yoyezera kutalika yokhomedwa pakhoma, ndi tchati ya WHO. Kamodzi pateremu mlangizi wa zaumoyo wa m'deralo abwere, ayeze ana mmodzimmodzi m'chipinda chotseka, osati pamzere anzawo akumvetsera, chifukwa mwana woyezedwa pagulu n'kusekedwa sadzabweranso. Nambala ilembedwe m'buku la kuchipatala lomwe lija, ndipo amene mzere wake wapatuka atumizidwe kuchipatala, osati kupatsidwa malamulo a kadyedwe ndi mphunzitsi kapena mnzake. Mwana wonenepa kupitirira muyeso kawirikawiri safunika kumanidwa chakudya. Banja lonse likachepetsa zashuga ndi zokazinga, n'kuchulukitsa masamba, nyemba, nsomba ndi zipatso, iye amatalika n'kulipeza thupi lake. Kumuikira mbale yakeyake pamene ena akudya zonona ndi kumulanga.

Alangizi a zaumoyo tili nawo m'dera lililonse, njinga ali nazo, kuwerenga tchati amadziwa. Unduna wa Zamaphunziro ndi Unduna wa Zaumoyo akudikira chiyani kuti agwirizane tsiku limodzi pateremu? Ndipo inu a hedimasitala, teremu ikubwerayi, simungayambe ndi ana a Fomu 1?