Tilembe Mayina Kuseri kwa Zithunzi

Agogo anga aakazi anali ndi bokosi lachitsulo lomwe linkakhala pansi pa bedi kwathu ku Chipoka. Tili ana tinkayesa kuti munali ndalama poona kuti kiyi wake ankamumangirira kunsonga ya chitenje. Tsiku lomwe analitsekula ine ndikuona, ndili Fomu 3, ndinagwa mphwayi. Munali mapepala okhaokha: zithunzi zakuda ndi zoyera, malisiti a msonkho, makhadi a chipani, tikiti ya sitima yapamtunda, tsamba la kalendala lotsatsa sopo wa Sunlight ndi positikhadi imodzi ya sitima ya Ilala. Agogo ankatenga zithunzizo chimodzichimodzi n'kumatchula mayina a anthu, koma ine mtima unali ku mpira. Patapita zaka zinayi anatisiya. Lero m'bokosimo muli zithunzi 23, ndipo 6 zokha ndi zomwe ndimadziwa eni ake.

Chiyambire nthawi imeneyo ndakhala ndikutolera zithunzi ndi mapepala akale a ku Chipoka. Anzanga ena amandiseka nati imeneyi ndi ntchito ya azungu okhuta, osowa chochita. Ine ndikuona mosiyana. Kusunga zithunzi zakale ndi udindo wathu, ndipo mbali yaikulu ya udindowu ndi kulemba dzina, malo ndi chaka kuseri kwa chithunzi chilichonse pomwe odziwa akadali moyo. Pepala lingathe kukhala zaka 100 likasamalidwa, koma munthu wodziwa nkhope ya papepalapo sangadikire nthawi yonseyo.

Poyamba, tione chifukwa chake malo ngati Chipoka ali ndi mapepala oyenera kusunga. Njanji yochokera ku Blantyre inafika ku Salima mu 1935 kudzera pa Chipoka, ndipo pamenepa ndi pomwe njanji imakumana ndi nyanja. Katundu wobwera pa sitima yapamtunda ankatsitsidwa pano n'kukwezedwa m'sitima zapamadzi zopita kumpoto. Ilala, yomwe inapangidwa ku Scotland n'kudzalumikizidwa ku Monkey Bay, inayamba kuyenda panyanja mu 1951, ndipo kwa zaka zambiri Chipoka anali amodzi mwa madoko ake. Panali antchito a njanji, onyamula katundu, makalaliki, amayi ogulitsa mpunga ndi chambo kwa apaulendo. Ine ndakula osaona chipwirikiti chimenecho, ndipo sindinakwerepo sitima yonyamula anthu pasiteshoni ya kwathu. Mwana wa msinkhu wanga mukamuuza kuti pa Chipoka pankadutsa anthu ochokera ku Karonga, ku Likoma ndi ku Beira, amayesa nthano. Tikiti yakale ija ndi mboni yoti si nthano.

Chachiwiri, zithunzi za nyanja yathu zilipo za mitundu iwiri, ndipo mtundu umodzi wokha ndi womwe wasamalidwa. Mtundu woyamba ndi wa mapositikhadi. Awa ankajambulira alendo, monga aja ankagona ku Grand Beach Hotel ku Senga Bay kapena aja ankatera ndi ndege zotera pamadzi za BOAC ku Cape Maclear mu 1949 ndi 1950. Positikhadi imaonetsa mchenga woyera, dzuwa likutuluka, bwato ndi msodzi ataima ndi ukonde. Mawu a m'munsi amatchula nyanja, nthawi zina ndi kampani yosindikiza, koma msodziyo sapatsidwa dzina. Pa makhadi ambiri a nthawi ya atsamunda amangotchedwa "native". Lero makhadi otere amagulitsidwa pa intaneti, pa eBay ndi malo ena, ndipo ogula amayang'ana sitampu, chidindo cha positi ofesi ndi kusang'ambika kwa khadi. Sindikuwadzudzula anthu amenewa. Pakadapanda iwo, bwenzi zithunzi zambiri za Nyasaland zitawola kalekale. Chomwe ndikunena n'chakuti msodzi ujayo anali ndi dzina, mfunda ndi adzukulu, ndipo zimenezi wogula wa ku London sangazidziwe.

Mtundu wachiwiri ndi wa zithunzi zomwe anthu athu ankajambulitsa okha. Izi ndi zija za m'mabokosi, za paukwati, za pa ubatizo ndi za matchona. M'bokosi la agogo muli chithunzi cha agogo aamuna ali ku Joni, atavala suti, dzanja lili pa wailesi. Anapita pa Wenela boma lisanaletse ulendowu mu 1974, ndege yonyamula Amalawi ochokera kumigodi itagwa ku Francistown. Wochiona chithunzicho angaganize kuti kumigodi kunali mtendere. Koma chimodzi mwa zinthu zochepa zomwe ndinagwira tsiku lija n'chakuti sutiyo inali yobwereka kwa wojambula, wailesinso inali ya m'situdiyo momwemo. Agogo aamuna anabwerako ndi bulangeti, njinga ndi chifuwa chomwe sichinathe. Apa pakuonetsa kuti chithunzi pachokha chimatha kunama. Chimayamba kunena zoona chikakumana ndi mawu a munthu yemwe analipo.

Mapepala enawo amathandiza kupeza chaka. Lisiti yolembedwa mapaundi ndi mashereni ndi ya nthawi yomwe kwacha ndi tambala zinali zisanabwere mu 1971. Chithunzi cha mayi wovala buluku chimatipatsa funso, chifukwa lamulo la kavalidwe la mu 1973 linaletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi mpaka mu 1993: kodi chinajambulidwa lamulolo lisanabwere, litatha, kapena kunja kwa dziko? Khadi la chipani cha Malawi Congress Party limatikumbutsa kuti popanda ilo munthu ankabwezedwa pamsika kapena pokwera basi. Ngakhale tsamba lotsatsa sopo lili ndi phunziro, pakuti limaonetsa zomwe amalonda ankafuna kuti mayi wa ku Malawi azilakalaka. Pepala lililonse palokha ndi lopepuka, koma mukawaika pamodzi amafotokoza moyo wa banja lonse.

Chachitatu chikukhudza ife ophunzira chiyankhulo. Kuseri kwa positikhadi ya Ilala ija kuli uthenga wa mizere isanu womwe mchimwene wa agogo analemba ali ku Nkhata Bay. Iye analemba "cifukwa" pomwe ife timalemba "chifukwa", ndi "nchito" pomwe timalemba "ntchito". Moni wake ndi wa Chiyao, nkhani yonse ndi ya Chinyanja. M'kalasi timaphunzira kuti mu 1968 Chinyanja chinatchedwa Chichewa n'kukhala chiyankhulo cha fuko, kuti mu 1972 kunakhazikitsidwa Chichewa Board yomwe inakonza malamulo a kalembedwe, ndi kuti mu 1996 ntchitoyi inapita ku Centre for Language Studies. Zitsanzo zathu timazitenga m'mabuku osindikizidwa, omwe anadutsa m'manja mwa amishoni, aphunzitsi ndi akonzi. Nanga munthu wamba wa Sitandade 3, wolemba pabondo sitima ikudikira, ankalemba motani? Ankasakaniza bwanji ziyankhulo? Ndi mawu ati a Chingerezi omwe anali atalowa kale m'kamwa mwake? Mayankho ali kuseri kwa zithunzi, m'makalata ndi m'zotsatsa malonda za m'magazini ngati Moni kapena nyuzipepala ya Boma Lathu. Tikataya mapepalawa, mbiri ya chiyankhulo chathu idzatsala ya anthu ophunzira okhaokha.

Ndikudziwa kuti alipo otsutsa, ndipo zifukwa zawo si zopanda pake. Oyamba amati chithunzi sichidyedwa. Ku Chipoka munthu amadzuka n'kuganiza za usipa, mtengo wa chimanga ndi fizi ya mwana, ndiye wina akabwera ndi ndalama kufuna khadi lakale, kukana n'kovuta. Ine sindingamuweruze mayi wogulitsa positikhadi kuti agule ufa. Pempho langa n'lakuti asanagulitse, mdzukulu alijambule pa foni mbali zonse ziwiri, afunse nkhani yake ndi kuilemba m'kope. Zimenezi sizilira ndalama. Zimalira pensulo ndi kukhala pansi madzulo amodzi.

Ena amati zithunzi za omwalira zimadzutsa chisoni, ndipo m'mabanja ena amaopa kuti chithunzi chikagwa m'manja mwa munthu woipa mtima angachitire zamatsenga. Palinso mantha omwe anatsalira kuchokera ku ndale. Nduna zitagalukira Dr. Kamuzu Banda mu 1964, kupezeka ndi chithunzi cha Henry Masauko Chipembere kapena anzake kunali kudziputira mavuto, ndipo agogo ankati m'mudzi mwathu ena anatentha mapepala awo onse osasankha. Mantha amenewa tiyenera kuwalemekeza. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi khalidwe lotenga chithunzi cha agogo a munthu n'kuchiponya pa Facebook osapempha. Chithunzi n'cha banja, ndipo banja ndilo linene chomwe chingaonetsedwe pagulu. Koma kubisa ndi kutentha n'zosiyana. Chobisidwa chidzapezeka ndi adzukulu, pomwe chotenthedwa chapita. Paja madzi akatayika saoleka.

Achinyamata anzanga amati vutoli linatha chifukwa aliyense ali ndi kamera m'thumba. Koma ndi angati mwa ife omwe akadali ndi zithunzi za m'foni yawo yoyamba? Foni imabedwa, imagwera m'madzi, memori khadi imafa. Yomwe yapulumuka imakhala ndi zithunzi mazanamazana zopanda dzina ngakhale limodzi. Tikubwereza kulakwa komwe kuja, kungoti ife tikulakwa mochuluka.

Otsiriza amati imeneyi ndi ntchito ya boma. N'zoona kuti ku Zomba kuli National Archives of Malawi, yomwe inayamba mu 1947, ndipo ku Mandala House mu Blantyre bungwe la Society of Malawi limasunga mabuku ndi zithunzi zakale zambiri. Malo amenewa ndi ofunika, ndipo wophunzira aliyense ayenera kukafikako. Komabe zambiri zomwe zinasungidwa kumeneko zinachokera ku boma, ku mishoni, ku makampani ndi kwa azungu omwe anali ndi makamera. Wantchito wa ku Zomba, ngakhale atalimbika chotani, sangadziwe dzina la mayi yemwe ankagulitsa mpunga pasiteshoni ya Chipoka mu 1960. Wodziwa ali pakhonde kwathu, ndipo akukalamba.

Nthawi sili kumbali yathu. Kunyanja kuno chinyezi chimamatiriza zithunzi, chiswe chimalowa m'bokosi lililonse lamatabwa, ndipo mbewa ndi njenjete zimamaliza zotsala. Mu 2024 nyanja inadzaza mpaka madzi analowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa gombe ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Mdani wina ndife tomwe. Ndaonapo tsamba la magazini yakale litakulungidwa mandasi, ndi kalata ya ku Halale itapichiridwa fodya. Chitetezo chake n'chapafupi: kuika zithunzi m'maenvelopu, m'bokosi lachitsulo, pamalo okwera ndi ouma, kulemba kuseri ndi pensulo chifukwa inki imalowerera, kupewa kuzimata ndi guluu kapena kuzikutira ndi pulasitiki wotenthetsa, pakuti zikatero sizimatukanso.

Choncho ndikupempha dipatimenti yathu kuti iyese chinthu chimodzi. Wophunzira aliyense popita kutchuthi apatsidwe ntchito yopeza zithunzi kapena mapepala akale asanu a kwawo. Apemphe chilolezo kwa eni ake, awajambule mbali zonse, alembe mayina, malo ndi chaka, ndipo akopere mawu a kuseri momwe alili osakonza kalembedwe. Ngati agogo alola, awajambulenso mawu pomwe akufotokoza. Pepala lenileni litsale kumudzi, dipatimenti isunge chojambulacho. Kalasi ya anthu 60 ingabweretse mapepala 300 pa tchuthi chimodzi, ochokera m'maboma osiyanasiyana. Pakutha pa zaka zochepa tingakhale ndi nkhokwe ya Chichewa cha anthu wamba yomwe sitingaipeze m'buku lililonse. Mutu umodzi susenza denga.

Tchuthi chapitachi ndinatenga zithunzi 17 zopanda mayina zija n'kupita nazo kwa gogo wina yemwe ankapemphera limodzi ndi agogo anga. Maso ake ndi ofooka, moti ankachita kuyandikitsa chithunzi pamphuno. Zambiri anapukusa mutu. Anazindikira anthu pa zithunzi zinayi, ndipo pa chimodzi, cha atsikana awiri ataima pafupi ndi njanji atanyamula madengu, anakhala chete nthawi yaitali. Ndinafunsa kuti, "Agogo, amenewa mukuwadziwa?" Iwo anaseka nati, "Iwe mwana, wakumanzereyu ndi agogo ako. Winayu sukumuona? Ndine." Anandiuza kuti tsikulo ankagulitsa mango kwa apaulendo, ndipo wojambulayo anali kalaliki wa pasiteshoni. Ndinalemba zonsezo kuseri ndi pensulo, iwo akundiuza kalembedwe ka dzina lawo la kuutsikana.

Zatsala 13. Mwina zina mwa izo sizidzapezanso mayina, ndipo mlandu wake ndi wanga chifukwa tsiku lija ndinasankha mpira. Inu amene agogo anu akadali moyo, pitani mukawapemphe kiyi wa bokosi, ndipo musaiwale kutenga pensulo.